Wobwereketsa Alandire Ndalama Zake, Dzina la Munthu Alisiye

Munthu aliyense wodutsa pa Maselema m'mawa wa tsiku la malipiro, mu msewu waukulu wa Masauko Chipembere umene ulumikiza Blantyre ndi Limbe, amaona khamu la anthu a ntchito likutsika m'maminibasi ndi pa njinga za kabaza, kuchokera ku Bangwe, ku Ndirande, ku Machinjiri, ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni. Amenewa ndi amakaniko a m'magalaja, oyendetsa malole, alonda, akalaliki ndi onyamula katundu, anthu amene thukuta lawo ndilo liyendetsa mzinda uno. Koma wopenya bwino amaonanso anthu ena amene sanalembedwe ntchito pamenepo, ataima chapatali pang'ono ndi zipata, kope lili m'khwapa, lamya ya m'manja ili kukhutu. Amenewa ndi a katapila pamodzi ndi anyamata awo. Adzera ndalama zawo, ndipo pa chimenecho palibe wowatsutsa. Chodandaulitsa ndi chimene achita akapanda kuzipeza ndalamazo: afunsa kapitawo, auza mlonda wa pa chipata, aimbira mkazi wa mwini ngongole, ndipo dzuwa lisanapendeke fakitale yonse yadziwa kuti uje ali ndi ngongole, ya ndalama zingati, ndi kuti anaitengera chiyani.

Mchitidwe umenewu wafika poipa m'matauni a dziko lino, ndipo nthawi yakwana yoti utchulidwe ndi dzina lake. Kumeneku ndi kuvula munthu pa gulu.

Pasakhale wina wosokoneza nkhani. Ngongole iyenera kubwezedwa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ngongole nayo siola ayi. Munthu wotenga ndalama za mnzake ndi mtima wofuna kuthawa nazo ndi mdani wa chitukuko, chifukwa iyeyo ndiye achititsa kuti mawa wosauka mnzake akanizidwe thandizo. Pali anthu otere ku Ndirande, alikonso ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, ndipo ena avala masuti. Otero sayenera kubisala kuseri kwa nkhani ino. Koma chimene wobwereketsa anapereka ndi ndalama, tsono chimene ayenera kulandira ndi ndalama. Mbiri ya munthu, banja lake, ntchito yake ndi mtendere wa abale ake sizinali pa msika tsiku limene pangano linachitika.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa ntchito, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, amapezeka m'manja mwa katapila? Yankho lake silifuna wophunzira kwambiri. M'mwezi wa May 2022 ndalama ya Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliyonse, ndipo m'mwezi wa November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 aliyonse. Pakati pa zaka ziwirizi, m'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kupha anthu ambiri m'mbali mwa mapiri a Blantyre, maka ku Chilobwe ndi ku Soche. Mitengo ya chimanga, sopo, lendi ndi ulendo wa pa minibasi inakwera, pamene malipiro a anthu ambiri anakwawa pambuyo ngati nkhono. Munthu akadwalika mwana pakati pa mwezi, kapena akamva uthenga wa maliro kumudzi ku Thyolo kapena ku Mulanje, sayamba wawerenga mapepala. Athamangira kumene ndalama ituluka tsiku lomwelo. Mwachitsanzo, wotenga K50,000 pa chiwongola dzanja cha theka pa mwezi, monga achitira a katapila ambiri, ayenera kubweza K75,000 mwezi ukatha. Akalephera, mwezi wachiwiri ngongoleyo yafika K112,500, ndipo wachitatu yapitirira K168,000. Pamenepo munthu amene analowa ndi mtima wofuna kubweza wasanduka kale wolephera, angafune asafune.

Koma ndalama si chinthu chokha chimene chisintha manja pa tsiku lobwereka. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Wobwereka amasiya chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, ndipo kawirikawiri amasiya chiphaso chenichenicho. Amasiya kapepala koonetsa malipiro ake, pamene palembedwa zonse zimene amadulidwa. Amasiya khadi lake la ku banki pamodzi ndi nambala yake ya chinsinsi, kuti wa katapila akayambe ndiye kutapa malipirowo mwini wake asanawaone. Amatchula kumene agwira ntchito, dzina la bwana wake, mpingo umene apemphera, ndi malo a nyumba yake, kaya ndi ku Goliyo, ku Ntopwa, ku Nthukwa kapena ku Luwanda. Pamwamba pa zonsezi amalemba manambala a lamya a anthu awiri kapena atatu: mkazi wake, mlamu wake, mnzake wa ku ntchito. Anthu amenewa nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti maina awo alembedwa m'kope la munthu wachilendo.

Kale mapepala otere analibe mphamvu zambiri. Lero zinthu zinasintha. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba m'kaundula anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. M'chaka cha 2018 nambala iliyonse ya lamya ya m'manja inayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Kuyambira pamenepo chiphaso chimenechi chinasanduka mfungulo wa moyo wa Mmalawi: ndicho chifunika ku banki, polembetsa lamya, pogula fetereza wotsika mtengo ndi polembetsa m'kaundula wa chisankho. Tsono wa katapila amene asunga chiphaso cha munthu m'thumba mwake sanasunge chikole wamba monga wailesi kapena njinga. Wagwira munthu yense wathunthu. Ndipo amene ali ndi chithunzi cha chiphasocho, nambala ya lamya ndi kapepala ka malipiro ali ndi zokwanira zoti wina wosaona mtima ayesere kutenga ngongole ina m'dzina la mwini wake. Mapepala amenewa amasungidwa kuti? M'kabati yopanda loko, m'chikwama, m'lamya ya mnyamata wotumidwa amene mawa adzachotsedwa ntchito napita nazo zonse. Ngongole itatha, ndi angati amene abwezeredwa mapepala awo kapena kuona akung'ambidwa?

Tsiku lobweza likadutsa, zida zonsezi zimatuluka. Poyamba ndi mauthenga kwa mwini wake, usana ndi usiku. Kenaka lamya ilira kwa mkazi wake, amene mwina sanauzidwe za ngongoleyo, ndipo m'nyumba muyaka moto. Kenaka kwa apongozi, kwa mkulu wa mpingo, kwa kapitawo. Pomaliza chithunzi cha munthuyo, chomwe chija anapereka ndi manja awiri popempha thandizo, chiikidwa pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lake, pansi pake patalembedwa kuti ndi mbava, aliyense womuona achenjere. Mawu olankhulidwa pa chitsime amauluka ndi mphepo, koma cholembedwa pa intaneti chimakhala. Ngakhale munthuyo adzabweze tambala yomaliza, chithunzicho chidzakhala chikuyendabe m'malamya a anthu amene sadzamva konse kuti ngongole ija inatha. Mwana wake wa sukulu adzachiona. Bwana amene akanamulemba ntchito chaka cha mawa adzachionanso.

N'zomvetsa chisoni kuti khalidwe limeneli lalowanso m'magulu a banki m'khonde, amene anayamba ndi cholinga chabwino zedi ndipo athandiza amayi ambiri kumanga nyumba ndi kuphunzitsa ana. Amayi amene dzulo ankadyera mbale imodzi, lero atengana gulu lonse kukaima pa khomo la mnzawo, kuimba ndi kukuwa kuti mudzi wonse utuluke, wina akujambula ndi lamya. Mayi wochitidwa zotere amasiya kupita ku msika, amasiya kupita ku tchalitchi, ena amathawa usiku kusiya ana ndi katundu. Ndalama zija zapezeka kodi? Sizinapezeke. Gulu lataya ndalama, latayanso munthu.

Pakuti ichi ndi chimene ochititsa anzawo manyazi safuna kuchiona: njira yawo ndi yopusa ngakhale poyang'ana phindu lawo lomwe. Mlonda wa pa Maselema amene bwana wake wauzidwa kuti ndi wakuba sakhalitsa pa ntchito, popeza palibe kampani ingasungitse katundu wake kwa munthu wa mbiri yotere. Akachotsedwa ntchito, adzabweza ndi chiyani? Wobwereketsa wathyola yekha mwendo wa nkhuku imene imamuikira mazira. Ndiponso khoswe akakhala pa mkhate sapheka: pofuna kumenya wangongole mmodzi, mwala uphwanya mkazi wosalakwa, ana osalakwa ndi mlamu amene sanadyeko ngakhale tambala.

Alipo ena onena kuti nkhani ya chinsinsi cha munthu ndi maganizo a Azungu, kuti kwa Amalawi za m'mudzi ndi za onse. Amenewa sadziwa mwambo wa makolo awo, kapena anauiwala dala. Kumudzi munthu wofuna chimanga chake chimene anakongoza amapita yekha m'mamawa kapena madzulo, naodira, napatsidwa mpando, nayamba wafunsa za moyo wa pa khomo, ndipo nkhani ya ngongole amaikambira pambali, ana atawauza kuti akasewere. Zikakanika, amatuma munthu wamkulu kwa mwini mbumba, chifukwa malume ndiye anali ndi udindo pa mphwake. Zikakanikanso, ndi pamene nkhani imapita kwa nyakwawa ndi kwa mfumu, ndipo pa bwalo mbali zonse ziwiri zimalankhula, mboni zimamvedwa, nduna zimafunsa mafunso. Panali makwerero, ndipo khwerero lililonse linali ndi mwini wake. Munthu wolumpha zonsezi n'kukaima pakati pa mudzi kutukwana mnzake ndiye amene amalipitsidwa nkhuku, ngakhale ngongole yake ikhale yoona. Tsono amene aika chithunzi cha mnzake pa Facebook asanamizire mwambo. Mwambo unamukana kale.

Malamulo a dziko nawonso anamukana. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, a m'chaka cha 1994, anena mu ndime 19 kuti ulemu wa umunthu wa aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo mu ndime 21 apatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi zinsinsi zake, kuphatikizapo makalata ndi zolankhulana zake za pa lamya. Ndime zimenezi sizinati kupatula amene ali ndi ngongole. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016 linaika kukhala mlandu kugwiritsa ntchito lamya kapena kompyuta pozunza ndi poopseza munthu. Ndipo mu ndime 87 linena kuti wosokoneza mwadala ndi mobwerezabwereza mtendere kapena chinsinsi cha mnzake ndi mauthenga opanda cholinga choyenera angathe kulipa chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala m'ndende miyezi 12. Kukumbutsa munthu ngongole yake ndi cholinga choyenera. Kumutumizira zotukwana pakati pa usiku, kapena kuvutitsa mlamu wake amene sanasainepo kanthu, n'kovuta kuti woweruza akutche choncho.

Chachikulu koposa ndi lamulo la Data Protection Act la m'chaka cha 2024, limene linayamba kugwira ntchito pa 3 June chaka chomwecho, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa bungwe la MACRA. Mutu wa lamuloli ndi wosavuta kumva, ngakhale kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Wotenga mbiri ya munthu, monga dzina, nambala ya chiphaso, nambala ya lamya kapena malipiro, ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Ayenera kutenga zokhazo zimene zifunika pa ntchitoyo, kuzigwiritsa ntchito pa cholinga chokhacho chimene anazitengera, kuzisunga pabwino, ndi kusazisunga kupitirira nthawi yoyenera. Mwini mbiriyo ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa za iye, wouza kuti zolakwika zikonzedwe, wopempha kuti zifafanizidwe pamene palibenso chifukwa chozisungira, ndi wokadandaula ku MACRA. Mabungwe osunga mbiri ya anthu oposa 10,000 ayenera kulembetsa ku bungweli, ndipo mbiri ya anthu ikabedwa kapena kutayika ayenera kulidziwitsa pasanathe maola 72. Tsono chithunzi chimene chinaperekedwa kuti wobwereketsa adziwe amene akumupatsa ndalama sichinaperekedwe kuti chikhale chikwangwani cha pa msika. Ndipo mlamu uja, amene nambala yake inalembedwa iye osadziwa, ali ndi ufulu wakewake pansi pa lamulo lomweli.

Amene aganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono ayang'ane kumene maiko ena anafika. Ku Nigeria, ku Kenya ndi ku India kunabuka makampani obwereketsa ndalama kudzera m'mapulogalamu a pa lamya. Munthu pofuna ngongole amadina kuvomera, osadziwa kuti walola pulogalamuyo kukopera maina ndi manambala onse a m'lamya yake. Akachedwa kubweza masiku ochepa, uthenga umapita kwa anthu onsewo, kuyambira kwa abusa mpaka kwa aphunzitsi a ana ake. M'chaka cha 2021 bungwe la Boma la Nigeria lotchedwa NITDA linalipitsa kampani ya Soko Lending ndalama zokwana 10 miliyoni Naira chifukwa cha mchitidwe umenewu. Ku Kenya, kumene lamulo loteteza mbiri ya anthu linakhazikitsidwa mu 2019, Banki Yaikulu ya dzikolo inatulutsa malamulo mu 2022 okakamiza obwereketsa a pa lamya kutenga chilolezo ndi kuwaletsa kuopseza ndi kuchititsa manyazi angongole. M'chaka cha 2023 ofesi yoteteza mbiri ya anthu kumeneko inalipitsa kampani ya Whitepath 5 miliyoni Shillings, ndi ina ya Mulla Pride pafupifupi 3 miliyoni Shillings, chifukwa chovutitsa anthu amene manambala awo anatengedwa popanda chilolezo chawo. Chaka chomwecho, kuyambira pa 31 May, kampani ya Google inaletsa mapulogalamu a ngongole opezeka pa msika wake kulowa m'maina ndi m'zithunzi za m'lamya za anthu.

Dziko la Malawi lili panjira yomweyo. Ndalama za pa lamya, za Airtel Money ndi TNM Mpamba, zinafika kale m'midzi yambiri, ndipo kubwereka podina mabatani si chinthu chachilendonso. Chimenechi pachokha ndi chitukuko. Koma nkhanga zinapangana kusanapse. Anansi a ku Kenya anayamba kumanga mpanda mbuzi zitadya kale mmera. Amalawi ali ndi mwayi wakuti lamulo lafika msanga, ndipo kudzakhala kupusa kwakukulu kulisiya ligone m'mabuku.

Obwereketsa ali ndi dandaulo lawo, ndipo liyenera kumvedwa mwachilungamo. Amati wosauka alibe munda wa pepala kapena galimoto yoti apereke chikole, tsono chikole chake ndi manyazi; amati milandu ku khoti imachedwa, ndipo ndalama zoyendera zimaposa ngongole yeniyeniyo. Za kuchedwa kwa milandu n'zoona, ndipo akuluakulu a makhoti sayenera kugona nalo tulo dandaulo limeneli. Koma kuchedwa kwa khoti sikupatsa munthu chilolezo chokhala yekha wodandaula, woweruza ndi wokwapula. Njira zoyenera zilipo. Pali pangano lolembedwa bwino, lokhala ndi mboni ndi munthu woimira ngongoleyo amene wavomera yekha nasaina ndi dzanja lake. Ameneyo yekha ndiye angafunsidwe. Pali kalata yochenjeza yopita kwa mwini wake. Pali makhoti a majisitireti ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo khoti likagamula, amene alanda katundu ndi a Sheriff, osati anyamata a zibonga. Palinso mabungwe osunga mbiri ya angongole, okhazikitsidwa ndi lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010 limene linakonzedwanso mu 2016. Kumeneko dzina la munthu wosabweza limalembedwa mwa dongosolo, limaonedwa ndi okhawo amene lamulo lawalola, ndipo mwini wake angathe kutsutsa ngati zolembedwazo ndi zabodza. Pa Facebook munthu akatsutsa kwa yani?

Chifukwa chenicheni chimene a katapila ambiri aopera khoti si kuchedwa ayi. Malamulo a 2010, a Financial Services Act ndi Microfinance Act, afuna kuti wochita malonda obwereketsa ndalama akhale wodziwika ndi wololedwa ndi mkulu woyang'anira mabungwe a za chuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ambiri a iwo alibe pepala lililonse. Ndiponso pali lamulo lakale la Loans Recovery Act, limene lipatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongola dzanja chake chapyola muyeso ndipo panganolo ndi lankhanza. Wa katapila adziwa kuti akaonetsa kope lake kwa woweruza, ngongole ya K168,000 ija ingathe kubwerera pafupi ndi pamene inayambira. N'chifukwa chake asankha bwalo la pa chipata cha fakitale, pamene palibe womufunsa mafunso.

Tsono mawu apadera ayenera kupita kwa ogwira ntchito m'Boma ndi m'makampani, chifukwa iwowa ali mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi amesenjala ndiwo akondedwa a obwereketsa, popeza malipiro awo ndi odziwika tsiku lake. Ambiri a iwo makadi awo a ku banki agona m'nyumba za eni. Koma m'maofesi momwemo mulinso anthu osunga mafailo a anzawo, odziwa malipiro a aliyense, tsiku limene ndalama zilowa, ndi amene watsala pang'ono kulandira ndalama zopumira pa ntchito. Kalaliki amene anong'oneza zimenezi kwa wa katapila, kaya chifukwa cha chibale, kaya chifukwa cha botolo la mowa, ndi wosakhulupirika pa ntchito yake, ndipo aphwanya lamulo chimodzimodzi ndi uja woika chithunzi pa intaneti. Failo ya munthu si yake ya kalaliki. Mkulu wa ofesi amene alandira mlendo wodzanena ngongole ya wantchito wake, namupatsa mpando, namuitanitsira wantchitoyo kuti adzakalipidwe pamaso pa anzake, wasandutsa ofesi ya anthu kukhala nthambi ya katapila. Yankho lake liyenera kukhala lalifupi: pano ndi pa ntchito, bwerani ndi kalata ya khoti. Ndalama zidulidwe ku malipiro pokhapokha mwini wake atavomera molemba, kapena lamulo ndi khoti zitalamula.

Mabungwe a Boma obwereketsa ndalama kwa anthu a malonda ang'onoang'ono ndi kwa ophunzira nawo asadzione ngati ali pamwamba pa nkhaniyi. Kawirikawiri pamamveka mawu akuti maina a osabweza asindikizidwe m'nyuzipepala kuti achite manyazi. Ndalama za anthu ziyenera kubwerera ndithu, ndipo akuluakulu amene anatenga ngongole za Boma ngati mphatso ayenera kutsatidwa popanda kuyang'ana nkhope. Koma kaundula amalakwika. Munthu amene anabweza kale, kapena amene angofanana dzina ndi wina, akatuluka pa mndandanda wotere, adzamubwezera ndani mbiri yake? Bungwe la Boma lili ndi maloya, lili ndi njira ya khoti ndi ya mabungwe osunga mbiri ya angongole. Likayamba ndilo kuloza anthu chala pa gulu, lidzaletsa bwanji wa katapila wa ku Bangwe?

Chimene chatsala ndi ntchito. Bungwe la MACRA silingadikire kuti mayi wogulitsa tomato mu msika wa Ndirande adziwe yekha za lamulo lolembedwa m'Chingerezi. Lamuloli lifotokozedwe m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilomwe ndi m'Chisena, pa wailesi ndi m'misika, ndipo njira yodandaulira ikhale yoti munthu wopanda loya ndi wopanda intaneti angathe kuitsata. Dandaulo likapezeka loona, chilango chilengezedwe poyera monga anachitira ku Kenya, chifukwa chindapusa chimodzi chomveka chiphunzitsa anthu koposa misonkhano khumi ya m'mahotela a ku nyanja. Reserve Bank iyang'ane mapepala amene mabungwe ololedwa asainitsa anthu, ndi kuchotsamo mizere ing'onoing'ono yopatsa wobwereketsa ufulu wouza aliyense. Apolisi asabweze munthu wodzadandaula pongomuuza kuti kabwezeni ngongoleyo basi. Ngongole ndi nkhani ina, kuopsezedwa ndi kulandidwa chiphaso ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi ndi ya apolisi. Mafumu a m'matauni ndi atsogoleri a magulu a banki m'khonde alembe m'malamulo a magulu awo kuti nkhani ya wolephera kubweza ikambidwa m'gulu mokha, ndi kuti wojambula mnzake kapena wofalitsa dzina lake adzalipa chindapusa.

Wobwereka nayenso ali ndi mbali yake. Nambala ya chinsinsi ya ku banki sapatsa munthu, ngakhale amene wamuthandiza pa maliro. Chiphaso cha unzika si chikole. Nambala ya mlamu salemba mlamuyo asanafunsidwe. Pa chithunzi chilichonse cha chiphaso chimene apereka alembepo ndi cholembera tsiku ndi ntchito imene wachiperekera, kuti chisakagwire ntchito kwina. Akaona kuti mwezi uno sakwanitsa, apite yekha tsiku lisanafike akanene, popeza kuzimitsa lamya ndi kuzemba ndiko kumene kuputa mkwiyo. Ndipo akayamba kulandira zoopseza, asafafanize uthenga ngakhale umodzi: asunge mauthengawo, alembe masiku ndi maola, afunse abale amene anaimbiridwa kuti nawonso asunge zawo, chifukwa zimenezo ndizo zidzafunsidwa ku polisi ya Limbe ndi ku ofesi ya MACRA.